Ulemu wa a Rogers Wachotsetsa Mwana Sukulu

"Bwerezaninso, bambo a Luntha. Ndikufuna ndimve ndi makutu angawa zimene mwakalankhula kusukulu kuja."

A Winfrida anali ataima pakhomo la kukhitchini, yunifomu ya kuntchito ili m'thupi, dzanja lina m'chiuno, lina litagwira chipande ngati chibonga cha wapolisi. Amuna awo, a Rogers Chikopa, anali pa sofa mu suti ya kutchalitchi tsiku lili Lachiwiri, akumasula tayi mosapupuluma ngati munthu wochokera kokalandira mendulo.

"Ndakalankhula zaulemu. Mumafuna ndikalankhule zotani?"

"Zaulemu zake ziti?"

"Ndakapepesa, basi. Mwana wakankha mnzake m'kalasi, mphunzitsi pofuna kuleretsa wagwera m'bini ya mapepala. Ndiye ine ndikanalowa muofesi ya ahedi nditatukula chifuwa? Ndalowa mwakachetechete, chipewa m'manja. Ndati, amayi, pepani kwambiri. Mwana ameneyu ndi wouma mutu. Ngakhale kunyumba watitopetsa, samva za munthu, mlongo wake amangokhalira kulira chifukwa cha iye. Ife makolo zatikanika. Chitani naye chilichonse chimene mungafune, ndi wanu."

"Mwati zatikanika?"

"Ndi mmene amalankhulira munthu woleredwa."

"Melissa analira liti chifukwa cha Luntha? Nditchulireni tsiku lake."

"Aa, inunso mayi a Luntha. Kupepesa kumafuna kuthirako kamchere. Ukapita ndi mawu osakolera amaona ngati ukuikira mwana kumbuyo."

"Ndiye ahediwo anati chiyani?"

"Amangolemba. Mayi wakhama zedi ameneuja. Ine kutsegula pakamwa, iye cholembera chili kale pa pepala. Nditaona kuti mawu anga akumulowa, ndawonjezera. Ndati asadandaule, tikafika kunyumba mwanayu akalawa lamba."

Chipande chinagwa pansi.

"Lamba? Lamba wanuyu, amene ntchito yake n'kuletsa mimba kuti isafike m'maondo? Chibadwire cha mwana munamukhudzapo ngakhale ndi chala?"

"Iwo sakudziwa zimenezo."

"Ndiye vuto lake limenelo, bambo inu! Sakudziwa!"

Tisawaseke kwambiri a Rogers, ambirife tinaleredwa ndi abambo a mtundu umenewu. Kwathu mwana akapalamula kusukulu, kholo limafika litamugwira khutu, n'kumunyoza pamaso pa aphunzitsi mpaka aphunzitsiwo kumva chisoni. Kenako ndi iwo amene amayamba kuchonderera: ayi bambo, mwanayu si woipa chotere, akangotchetcha udzu kuseri kwa ofesi nkhani yatha. Zili ngati malonda a pamsika, wina akutsitsa, wina akukweza, mpaka mukumana pakati. Nzeru imeneyi a Rogers anainyamula mu sutikesi kuchokera ku Balaka, ndipo zaka zonse zimene akhala kuno kunja, mu Edmonton, akukankha mabedi a odwala m'chipatala, inali isanagwirepo ntchito. Tsiku loyamba kuitulutsa, anapeza kuti kuno aphunzitsi sanenerera. Ukati mwana wako ndi chilombo, amalemba kuti chilombo, n'kukuthokoza chifukwa chowathandiza.

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka, Luntha n'kutulukira. Ndi mnyamata wa zaka khumi ndi zinayi, wamtali ngati mzati wa magetsi. Chichewa amamva chonse, koma mayankho amabweza m'Chizungu.

"Simunandifunse n'komwe chimene chinachitika," anatero m'Chizungu chakecho.

"Ndikufunse iwe? Ndiwe hedi?"

"Ndimufunsa ndine," anatero a Winfrida. "Luntha, mnzakoyo unamukankhiranji?"

Luntha anayang'ana kapeti. "Wakhala akundinena kuyambira teremu yatha. Amati amayi ako ntchito yawo n'kupukuta nkhalamba kumatako. Tsiku limenelo anabweretsa thewera n'kuliyala pa desiki yanga, kalasi yonse ikuseka."

A Winfrida anayang'ana yunifomu yawo ya buluu, ya kunyumba yosamalirako okalamba, n'kutola chipande chija pang'onopang'ono. A Rogers anakhosomola chifuwa chimene analibe.

"Komabe ulemu ndi ulemu," anatero. "Muona. Sabata ino isanathe ahedi aimba foni kunena kuti mwana abwerere."

Ahedi anaimbadi foni sabata isanathe. Anati Luntha wachotsedwa sukulu, kotheratu. Kugwetsa mphunzitsi ndi mlandu waukulu, komabe mwina akanamupatsa mwayi wina. Chimene chawamanga manja ndi umboni wa bambo ake omubereka, woti mwanayo ndi woopsa ngakhale kwa mlongo wake. Mnyamata wa thewera uja anangouzidwa kuti atsalire m'kalasi anzake akaweruka.

Mawu a lamba nawo anabweretsa mlendo, mayi wa boma woona za ana. Anatengera Melissa pambali n'kumufunsa ngati adadi ake amamenya. Melissa anaseka mpaka kugwidwa ntchilikwi, mlendoyo n'kumwa tiyi n'kumapita.

Ana ochotsedwa sukulu kuno sakhala pakhomo. Amawatumiza kumalo amene aliyense amangoti kuyuniti. Ya Luntha inali kuseri kwa malo otsukira magalimoto, mpanda wake wautali, ana ake oweruka masana makolo onse ali kuntchito. Aphunzitsi akumeneko amayesetsa, tisawanamizire. Koma ukasonkhanitsa malo amodzi ana onse okwiya a m'dera, wathandiza anthu ena amene kale ankatopa kuwasaka mmodzimmodzi. Pachipata pankaima galimoto yakuda, m'kati mwake muli anyamata odya bwino, okoma mtima modabwitsa, ogulira ana nkhuku ndi tchipisi osafunsa kanthu.

Pasanapite nthawi Luntha anabwera ndi nsapato zatsopano, zoyera mbee.

"Wazitenga kuti?" anafunsa amayi ake.

"Mnzanga wandipatsa."

"Mnzakoyo ali ndi fakitale?"

"Iye amati ndine wanzeru," anatero Luntha, maso ali pa abambo ake, n'kulowa kuchipinda.

Mpingo wa a Rogers umakumana pamwamba pa shopu ya matayala, moti mapemphero amakwera kumwamba akununkha mphira. Iwo ndi dikoni kumeneko, ndipo analamula akazi awo kuti nkhani ya m'nyumba isatuluke. Koma Lamulungu atangonena ameni womaliza, anapeza mayi Muchaneta atawatchingira pa masitepe.

Mayi Muchaneta anabadwira ku Zimbabwe, pa famu ya fodya kumene agogo awo a ku Mulanje anapita ali mnyamata osabwereranso. Chichewa chawo ndi cha agogo awowo, chakale ngati cha m'buku la nyimbo. Amatsogolera kagulu ka mpingo kotchedwa Amayi a Pachipata, ngakhale mulinso abambo angapo opuma ntchito. Ana akamaweruka, iwo amakaima pazipata za sukulu ndi za mayuniti atavala majekete owala. Amaperekeza makolo kumilandu ya kusukulu, ndipo Loweruka amayendera kundende ana amene anawapulumuka.

"Atate Chikopa, mwana wanu ndamuona pachipata cha yuniti alikudya nkhuku ya eni."

"Ndi nkhani ya m'banja, amayi. Tikuipempherera."

"Pempherani ndithu. Amayi anganso anapempherera mlongo wanga Tendekai mpaka maondo kuchita mabala. Anachotsedwa sukulu ali msinkhu wa Luntha. Poyamba nkhuku, kenako nsapato, kenako kwera sitima ya pamtunda ukapereke kaphukusi ka mankhwala ozunguza bongo kutauni ya kunyanja. Lero ndikafuna kumuona ndimasiya chikwama pakhomo la ndende, n'kusechedwa ngati mbava. Nsapato zafika kale kwanu?"

A Winfrida anavomera ndi mutu.

"Maiwe. Ndiye kwatsala sitima."

Anawakokera pakona, pafupi ndi ng'oma za kwaya, n'kuwafotokozera kuti mawu a hedi si omaliza. Pamwamba pake pali komiti ya akuluakulu oyang'anira sukulu, amati magavana. Amenewo amakhala pansi kumva mbali zonse, ndipo akakhutira amatha kubwezera mwana m'kalasi.

"Koma akafunsa inu, atate. Ndinu munati mwana ndi chilombo. Tsono mukanene zabwino zake."

"Zabwino zake? Pagulu?"

"Pagulu."

"Iye ali pomwepo?"

"Ali pomwepo, alikumva."

"Amayi, mukufuna kundiwonongera mwana? Mwana ukamutama akumva, mawa akukwera pamutu. Ine abambo anga anachita kumwalira osandiuzapo kuti wachita bwino, koma taonani mmene ndinakhalira."

A Winfrida anawayang'ana kuyambira kudazi mpaka kunsapato. "Tikuona," anatero.

Anagwirizana zoyeserera kaye kunyumba. Mayi Muchaneta anabwera ndi mnzawo wa pachipata, mayi Gladys, munthu wa thupi lokwanira ndi mawu oti akayamba kolasi maikolofoni amazimitsidwa. Mayi Gladys ndi amene anakhala ngati wapampando wa komiti ija. Anakhala kuseri kwa tebulo lodyera, magalasi pamphuno. Luntha anamukhazika pampando pafupi ndi khoma.

"Bambo Chikopa, tiuzeni chabwino chimodzi cha mwana wanu."

A Rogers anayang'ana kudenga nthawi yaitali, ngati yankho analemba kumeneko.

"Amadya bwino."

"Imeneyo ndi njala, si khalidwe. China."

"Sanabepo. Zimene ndikudziwa ine."

"Dulani mchirawo."

"Ndi wamtali."

"Atate!" anatero mayi Muchaneta. "Utali ndi wa Mulungu. Tikufuna za mwana."

"Nanga ndiname? Chabwino, lembani. Mwana uyu, akakhala kuti sakuchita ulesi, komanso akakhala kuti sakutafuna chingamu ngati mbuzi, komanso akakumbukira kuti mano amatsukidwa—"

"Tayambani mwanena kuti mumamukonda," anatero mayi Gladys.

A Rogers anachita ngati apondedwa pachilonda. "Kumukonda? Ndi chibwenzi changa? Amadya kwanga, amagona kwanga, hita amayatsa ngati ndi ya boma. Mukufunanso chiyani?"

Luntha anaimirira. "Musavutike, Anti. Sindipita. Ndikakhale pamenepo kuti andinyozenso pamaso pa azungu? Kuli anthu amene amandifuna." Anavala nsapato zoyera zija, n'kutuluka, chitseko n'kuchimenyetsa.

A Winfrida anathamangira pawindo. A Rogers anangokhala, maso ali pachitsekopo.

"Chitseko chimenechi anakonza yekha, mukudziwa?" anatero patapita kanthawi, mawu ali pansi. "Chinkalira ngati mwana wa mphaka. Landilodi anatizengereza chaka chathunthu. Iye anangoonera pafoni, n'kukabwereka zida kwa aneba, madzulo chili bwinobwino. Manja ali nawo mwana ameneyu. Mutunso. Anatengera ine."

Mayi Gladys anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma mayi Muchaneta anawaponda phazi kunsi kwa tebulo.

Tsiku la mlandu, m'mawa, bedi la Luntha linali lozizira. A Winfrida anamugwira Melissa mapewa.

"Achimwene ako ali kuti?"

"Anati ndisanene."

"Ndiye nena."

"Akuti akukwera sitima. Abwera mawa."

A Winfrida anaimbira foni mayi Muchaneta. Iwo sanadabwe. "Inu pitani kusukulu, musadikire munthu. Mukapanda kufika aweruza popanda inu. Ine ndi mayi Gladys tidziwa kumene akwerera."

Mlandu unali mu laibulale ya sukulu, pamipando ya ana. A Rogers atakhala, maondo anafika pachifuwa, msana utaloza kuchitseko. Wapampando anali mkulu wina wa imvi wa ku Jamaica. Pambali pake panali mayi wachizungu wa magalasi ndi mmwenye wina wogulitsa mankhwala a kuchipatala. Ahedi anawerenga zonse zimene a Rogers ananena tsiku lija, osasiyako ngakhale lamba. Mawu ako akamatuluka m'kamwa mwa munthu wina amamveka ngati a mdani.

"Mwanayo ali kuti?" anafunsa wapampando.

"Sanabwere," anayankha a Winfrida, mutu uli pansi.

Magavana anayang'anana. Kuyang'anana kwake kunali kwa anthu amene ayamba kale kuganiza za nkhomaliro.

"Bambo Chikopa, mawu awerengedwawa ndi anu?"

"Ndi anga, bwana. Koma si oona."

"Ndiye kuti munanama?"

"Ine ndine dikoni, sindinama. Ndinalemekeza."

"Tithandizeni kumvetsa."

"Ndinkadikira kuti amayiwa anditsutse. Kwathu ndikati mwana ndi woipa, mphunzitsi amati ayi, si woipa kwambiri. Ndikati mumuthamangitse, iye amati tiyeni timuyesenso. Ine ndinatsitsa mtengo kuti iwo akweze. Iwo anangogula."

Mmwenye uja anatseka pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka. "Abambo anga ankachita zomwezo," anatero. "Anauza aphunzitsi kuti ndine bulu, ine ndili nambala wani."

Ahedi sanaseke. Sanali munthu woipa, anali munthu wotopa. Anati mwambo akuulemekeza, koma mphunzitsi wawo anagwa, ndipo mpaka pano sanamve chabwino chilichonse cha mwanayo kuchokera kwa makolo ake. Anawonjezera kuti kusabwera kwake lero kukusonyeza bwino lomwe mtundu wa mwana amene tikukamba.

Apa ndiye a Rogers anadzambatuka, kampando n'kugwa.

"Amayi, pepani. Mwana ameneyu womunyoza ndine ndekha!"

Chizungu chawo ndi chokwanira kufunsa wodwala ngati wagona bwino, koma mtima utatentha chinawathera pakhosi. Anatembenukira kwa akazi awo. "Masulirani. Osasiya kanthu."

Ndipo anayamba m'Chichewa.

"Auzeni kuti tonse tikakhala pa shifiti ya m'mawa, amadzutsa mlongo wake ndi iyeyo. Amamupangira tiyi, amamuperekeza kusukulu, kenako iye n'kuthamangira kuno. Tsitsi la Melissa amaluka ndi iye. Mwana wamwamuna! Anaphunzira pafoni, chifukwa amayi ake zala zimatupa ndi ntchito. Auzeni."

A Winfrida anamasulira. Ali m'kati momasulira, chitseko cha kumbuyo chinatseguka pang'onopang'ono. Anaona amene analowa, n'kupitiriza ngati sanaone kanthu.

"Auzeni kuti nthawi yozizira, kukada msanga, amakadikira amayi ake pamalo okwerera basi atanyamula ambulera, popanda womutuma. Amaganiza kuti sindidziwa. Ndimamuona pawindo. Auzeni kuti mnzake uja anamuyalira thewera pa desiki, kunyoza ntchito ya mayi amene akumasulirayu. Anapirira teremu yonse osauza munthu. Ndikanakhala ine, mphunzitsi sakanalowa yekha m'bini, desiki ikanamutsatira."

A Winfrida anamasulira za thewera. Za desiki anazimeza.

"Auzeni kuti mpunga amaphika bwino kuposa amayi ake."

Izi a Winfrida anazidumpha.

"Mwasiya za mpunga."

"Za mpunga zikukhudzana bwanji ndi mlandu?"

"Ndati osasiya kanthu!"

A Winfrida anamasulira za mpunga mano atalumana. Mayi wa magalasi analemba.

"Tsono auzeni ichi. Lero sanabwere chifukwa cha ine. Akuthawa pakamwa pangapa. Kunja kuli anyamata a galimoto amene anamuuza mawu amodzi okha, akuti ndiwe wanzeru, mawu amene ine ndakhala ndikuwasunga ngati mbewu. Mukamutaya, amutola ndi amenewo, ndipo tikamuonera kundende. Ngati pakufunika kuchotsa munthu sukulu ino, chotsani ine. Amene analephera mayeso muofesi muja ndine."

Anatola kampando n'kukhala, akupuma ngati akankha bedi kukwera chitunda. Wapampando anavula magalasi, n'kuyang'ana kuseri kwa a Rogers.

"Mwina tsopano timve kwa mwini wake."

A Rogers anacheuka. Pafupi ndi shelefu ya mabuku panali Luntha, mbali iyi mayi Muchaneta, mbali iyo mayi Gladys atamugwira mkono ngati katundu amene angabedwe. Maso a mnyamatayo anali ofiira.

"Iwe! Wakhala pamenepo kuyambira liti?"

"Kuyambira pa tsitsi la Melissa."

A Rogers anagwira kumutu ndi manja onse awiri. "Basi. Mwana wawonongeka."

Luntha analankhula mwachidule. Anati mnzake anamukankhadi, ndipo atati abwerere m'mbuyo mwina akanatuluka panja m'malo mokankha. Za mphunzitsi anati sanamuone kuti ali kumbuyo, ndipo akufuna kukamupepesa yekha, popanda abambo ake kumuthandiza. Mmwenye uja anatsekanso pakamwa.

Anawatulutsa kuti akadikire mukhonde. Kumeneko a Rogers anatembenukira mayi Muchaneta.

"Munandichita chiwembu."

"Ndinakumverani tsiku la chitseko, atate. Inu pakamwa panu patseguka mwana akatuluka. Tsono ndinangomulowetsa kumbuyo."

"Mwamupeza kuti?" anafunsa a Winfrida.

"Pasiteshoni," anayankha mayi Gladys. "Ali pabenchi, kachikwama pamiyendo, wagalimoto mmodzi ali pambali pake ngati mlonda. Ine ndinangokhala pakati pawo, n'kuyamba kolasi. Nditamaliza ndinayamba kumupempherera mnyamatayo mokweza, kutchula jekete lake, ndevu zake, amayi ake amene anamubereka. Anthu anayamba kujambula ndi mafoni. Anangolanda kachikwama kake n'kuthawa ngati waona njuchi."

"Anaimba molakwika dala," anatero Luntha.

"Ndimaimba choncho, mwana iwe."

"Ine ndinangomuuza kuti tiye ukamve," anatero mayi Muchaneta. "Ndinati atate ako akakunyozanso, ndikuperekeza ndekha kusitima."

"Mukanamuperekezadi?" anafunsa a Winfrida.

"Ayi. Koma ndinadziwa kuti sindidzafunika kunama kawiri."

Atawaitananso, wapampando anati Luntha abwerere m'kalasi Lolemba. Akapepese kwa mphunzitsi, nkhani ya thewera ifufuzidwenso, ndipo akangopalamulanso sipadzakhala kukambirana. Pomaliza anapempha kuti bambo Chikopa akadzaitanidwanso kusukulu, adzabwere ndi akazi awo.

Panja mayi Muchaneta sanalole kuti avine kwambiri.

"Agalimoto aja sataya msanga chimene anadyetsa. Adzamufuna. Lolemba ife tikhala pachipata, mawa lake ndi mkuja womwe, kufikira atatopa. Ndipo kuyuniti kwatsala ana ena amene atate awo sanabwere n'komwe. Inu tsiku limene simuli pa shifiti, jekete lanu lilipo. Tili nalo lalikulu, lokwana mimba."

"Ine kuima pachipata ngati mlonda?"

"Ngati dikoni," anatero mayi Gladys.

Banja la a Chikopa linakwera basi yosanjikizana, n'kukhala m'mwamba, mipando ya kutsogolo. Kenako Luntha anakhosomola, n'kuyesa Chichewa chake chotsimphina.

"Adadi. Zija munanena zija. Ndi zoona?"

"Ndimanamiza azungu. Pisira malaya."

Luntha anapisira malaya akumwetulira. A Winfrida anaika chikwama pamiyendo n'kupinda manja.

"Ndiye mpunga wanga ndi phala?"

"Sindinati phala."

"Mwandinenetsa ndi pakamwa panga, m'Chizungu, pamaso pa magavana. Mzungu mpaka analemba. Zaka zonsezi mukudya mukunyambita zala, kani munali kundilemekeza?"

"Mayi a Luntha, anthu akumva."

"Amve! Si lero mwaphunzira kuyamikira pagulu? Yambani. Chabwino changa chimodzi, basi isanafike pa Edmonton Green. Ndipo ine sindituluka panja, ndikhala pompano ndikumva."

A Rogers anayang'ana kutsogolo, anayang'ana pawindo, thukuta likutsika pa dazi. Kenako anatambasula dzanja n'kudina belu loimitsira basi.

"Miyendo yachita dzanzi ndi timipando tija," anatero akutsika masitepe. "Ndiyenda wapansi."

Luntha anayang'ana amayi ake. Iwo analoza masitepe ndi chibwano, iye n'kuthamanga chitseko chisanatsekeke.

Basi itanyamuka, a Winfrida anawaona pawindo akuyenda m'mbali mwa msewu, wamfupi ndi wamtali. Pakamwa pa a Rogers panali pakuyenda, mwachionekere akudzudzula mayendedwe a mwanayo. Dzanja lawo linali paphewa lake, ndipo ankachita kuyendera zala za kumapazi kuti lisatsikepo.